A Sipuling'i Ayamba Kupuma

Apongozi anga, bambo a mwamuna wanga, anakonza mipando ya anthu kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi, koma ine sindinawaonepo atakhala pampando mpaka chaka chimene mapapo awo anayamba kuwonongeka. Tiyi ankamwa chiimire. Nyuzipepala ankawerenga atatsamira chitseko. Ngakhale pamaliro ankapeza chifukwa choimirira, mwina benchi ikugwedera, mwina anthu akusowa pokhala. A mumsewu wathu anawapatsa dzina loti a Sipuling'i, chifukwa ukati wawakhazika pansi ankadzuka okha. Tsiku limene anakhala pansi mwa kufuna kwawo, banja lonse tinaomba m'manja. Woyambitsa kuombako ndinali ine, ndipo zimenezi zimandidya mpaka lero.

Shopu yawo inali pansi pa nyumba yosanja imene tinkakhala. Kuchokera pakhomo la shopu kukafika pakhomo lathu panali masitepe makumi awiri ndi awiri, ndipo iwo ankakwera awiriawiri. M'shopumo munkanunkha guluu ndi fumbi la masofa akale. Siponji inali itaunjikidwa mpaka kudenga, mipukutu ya nsalu pakona, makina anga osokera pafupi ndi windo. Ine ndinalowa m'banjamo ndili telala wa madiresi, koma chaka chisanathe ndinapezeka ndikusokera mipando. Sanandipemphe n'komwe. Anangoika nsalu ndi miyeso pamakina anga m'mawa wina n'kunena kuti, "A telala, sofa nayenso ndi mayi wonenepa, amafuna diresi lomukwana." Kuyambira pamenepo ndinkakhala "a telala" akasangalala, ndipo ndinkakhala "apongozi" ndikakhotetsa msoko.

Ntchito ankaidziwa, zimenezo ngakhale adani awo sankatsutsa. Akangong'amba nsalu ya sofa ankadziwa za m'nyumba mwa eni ake. "Mbali yomira iyi ndi ya bambo. Iyi ndi ya mayi. Taonani pakati, mpatsopano. Nyumba imeneyi anasiya kalekale kukhala moyandikana." Zimene ankapeza m'kati, zipeso, makiyi, nthawi zina kalata zosayenera kuwerengedwa, ankaziika mu envelopu n'kubweza osanenapo kanthu. Timisomali ankatithira m'kamwa, dzanja lodzaza, n'kumatitulutsa kamodzikamodzi ndi lilime, hamala yawo ya maginito n'kumatola pamlomo pomwepo. Ankatha kukhoma mpando wathunthu pakamwa pali chitsekere, akupumira m'mphuno. Ukawafunsa funso nthawi imeneyo ankayankha ndi nsidze.

Akazi awo anamwalira ine ndisanakwatiwe. Anasiya ana awiri. Woyamba ndi mwamuna wanga, dalaivala wa malole amene amakhala pamsewu masabata atatu pamwezi. Wachiwiri ndi alamu anga aakazi, amene amakhala mumzinda wina ndipo ndi akatswiri osamala odwala pafoni. Choncho Bambo atadwala, zonse za kuchipatala zinagwera ine.

Anagwa ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi, masanasana, akukoka lamba wapansi pa mpando. Anangonena kuti, "Apongozi, mtima wanga ukuthamanga," kenako khu! pansi, pakati pa zidutswa za siponji. Anatsitsimuka ambulansi isanafike, ndipo chinthu choyamba chimene anafunsa chinali chakuti ndani wapondetsa nsalu ya kasitomala.

Anakhala m'chipatala masabata atatu. Anawayesa mankhwala amitundu iwiri. Oyamba ankawachititsa chizungulire moti sankatha kuima, ndipo achiwiri adokotala anawasiyitsa okha ataona kuti mtima wa Bambo ndi wofooka kale. Adokotalawo anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula mosathamanga. Tsiku lotuluka anatikhazika pansi, ine pampando, Bambo chiimire, n'kujambula kumbuyo kwa pepala.

"Mtima umagunda ndi magetsi akeake," anatero. "Mnofu wa mtima uli ndi timakomo tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso. Mtima ukagunda kamodzi, timakomo tina timatseguka, mchere wina wotchedwa potaziyamu n'kutuluka. Ukatuluka ndiye kuti mtima wakonzeka kugundanso. Wanuwu malo ena akukonzeka msanga anzawo asanamalize, ndiye kugunda kukupondana. Mankhwala amene ndikukupatsaniwa amatseka ena mwa timakomo timeneto, kuti mtima uzidikira pang'ono usanagundenso."

"Ndiye mukundilembera mlonda," anatero Bambo.

"Mlonda, inde. Koma ndi mlonda wovuta. Ndikanakhala ndi wina wokuyenerani, ndikanakupatsani ameneyo."

Dzina lake linali amiyodaroni, koma Bambo sanalitchulepo ngakhale kamodzi. Kwa iwo anali mlonda basi. Adokotala anatiwerengera zovuta zake. Khungu limapsa msanga ndi dzuwa, ndiye azivala chipewa. Magazi aziyezedwa miyezi itatu iliyonse chifukwa cha chiwindi ndi chithokomiro. Maso nawo aziwaonetsa. Pomaliza anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana ine, osati Bambo.

"Chachikulu ndi ichi. Kupuma kukayamba kuvuta, musadikire tsiku lanu. Mubwere tsiku lomwelo."

Ndinamva. Sindinganame kuti sindinamve, ndipo ndinadziwa kuti akunena za mpweya. Koma titafika kunyumba, mwamuna wanga anafunsa zimene adokotala anena, ine n'kubwereza mawu onse monga momwe analili. Nditafika pomalizapo iye anaphulika kuseka.

"Kupuma kukayamba kuvuta? Bambo kupuma kunawavuta chibadwire! Ndiye tizipitatu kuchipatala tsiku ndi tsiku."

Tonse tinaseka, Bambo nawo anaseka mpaka kugwira khoma. Mawuwo ndi amodzi omwewo, kupuma kwa mpweya ndi kupuma kwa munthu wotopa, ndipo ife tinali titakangana nawo zaka zambiri za kupuma kwachiwiriku. Chenjezo la adokotala linasanduka nthabwala ya pakhomo. Alamu akaimba foni sankayamba ndi moni, ankayamba ndi, "Kodi wodwala wathu wapuma lero?" Ine n'kumayankha kuti, "Kukuvutabe, alamu, kukuvutabe."

Mlondayo anagwira ntchito yake, ndisamunamizire. Kwa chaka ndi theka mtima sunadumphe ngakhale kamodzi. Bambo ankameza piritsi lawo m'mawa uliwonse asanatsegule shopu, ankavala chipewa chotambalala chimene chinkawaonetsa ngati mlimi wosochera m'tauni, ndipo ankauza kasitomala aliyense za timakomo ta mumtima ngati anatiika okha. Magazi ankatuluka bwino. Chithunzi cha pachifuwa ankajambula kamodzi pachaka, ndipo chomaliza chinali chopanda vuto. Tinaiwala kuti m'nyumba muli wodwala.

Kenako Lachiwiri lina, cha m'ma teni m'mawa, ndinatukula mutu pamakina n'kuona Bambo atakhala. Anali atakhala mumpando wobiriwira wa kasitomala, umene anali atangomaliza, manja ali pamaondo. Ndinaganiza kuti akuyesa masipuling'i, koma mphindi zisanu zinadutsa ali pomwepo. Ndinatenga foni, ndinawajambula, ndinatumiza kwa mwamuna wanga ndi kwa alamu. Alamu anayankha nthawi yomweyo kuti Mulungu ndi wamkulu. Mwamuna wanga anaimitsa lole kuti aimbe. Wogulitsa nsapato wa shopu yoyandikana nafe anabwera kudzaona ndi maso ake, n'kunena kuti mvula igwa ya matalala. Bambo ankangomwetulira, ndipo ine ndinaona ngati ndi manyazi.

Kuyambira pamenepo ankakhala pansi kawirikawiri. Masitepe anayamba kukwera limodzilimodzi, ndipo pakati ankaima n'kumayang'anitsitsa khoma ngati penti yalakwika. Ine ndinkadzitama kuti nkhalamba yamva tsopano, ndipo yamvera ine.

Tsiku loyezetsa magazi litakwana tinapita limodzi monga mwa nthawi zonse. Namwino anali ndi pepala la mafunso, panja pali mzere wautali, ndipo ankafunsa mutu uli pansi.

"Maso akuona bwino?"

"Ulusi ndikulowetsa ndekha m'singano."

"Kudya?"

"Funsani apongozi angawa, akudandaula."

"Kupuma kuli bwanji, agogo?"

"Kupuma ndiye ndikupuma kwambiri masiku ano. Ndikakhoma pang'ono, ndipume. Ndikakwera masitepe khumi, ndipume."

Namwino anaseka n'kuchonga papepala. "Mwayamba kumvera tsopano. Pitirizani choncho."

Ine, ndi pakamwa panga pomwepa, ndinawonjezera kuti, "Auzeni ndinu, anesi, ife tinalephera."

Namwinoyo sindimuimba mlandu. Bambo ananena zoona zokhazokha tsiku limenelo, ananena matenda awo onse m'mawu awiri, ndipo tonse atatu tinamva nkhani yabwino. Amene ankadziwa kuti munthu uyu sanaimepo pamasitepe moyo wake wonse ndinali ine.

Chimene chinanditsegula maso chinali kambale. Tsiku lina ndinapeza timisomali tili m'kambale ka tiyi pambali pa mpando, Bambo akutola kamodzikamodzi ndi zala, pang'onopang'ono ngati wophunzira.

"Bambo, timisomali tayamba kudyera m'mbale?"

"Mano atha, a telala."

Mano anali nawo onse, ankaphwanya nawo mafupa. Ndinabwerera pamakina koma sindinasoke. Ndinkawayang'ana kuchokera kumbali, ndipo ndinaona kuti pakamwa pawo sipakutsekeka. Ankapumira m'kamwa, mapewa akukwera ndi kutsika, pa ntchito imene kale ankaigwira akung'ung'udza nyimbo. Panali ndi kachifuwa kouma, kopanda makhololo, kamene ndinali nditakamva kwa masabata ambiri osakalabadira. Mawu a adokotala aja anabwerera opanda nthabwala.

Ndinawafunsa za chifuwacho. Anati ndi fumbi, ndipo ndani angatsutse fumbi m'shopu ya masofa? Ndinawagulira zotchinga pamphuno. Anavala kamodzi n'kuchotsa mphindi yomweyo, amvekere zikuwabanika. Madzulo ndinaimbira mwamuna wanga. Anali pamalire akudikira mapepala, mawu ake otopa. "Ndi ukalamba umenewo, asiye. Sunali iwe unkafuna kuti azipuma?" Ndinadula foni ndisanamutukwane.

Tsiku loyezetsa lotsatira, tili pabenchi ya panja kudikira kuitanidwa, ndinalimba mtima.

"Bambo, lero tiwauze za chifuwachi. Ndi za befuyu."

Anazunguza chipewa m'manja.

"Apongozi, kapepala kam'bokosi la mankhwala kaja ndinawerenga. Magalasi ndili nawo. Mukawauza, andichotsera mlonda."

"Akupatsani ena."

"Ena ati? Simunamve kuti palibe? Inu simunagwepo. Simukudziwa momwe zimakhalira, kumva chinthu chikupalapata m'chifuwa ngati nkhuku yodulidwa mutu, iwe ukuona denga likupita kutali. Befu ndimatha kukhala naye. Ndikakhala pansi amatha."

Tinalowa. Namwino anali wina, koma pepala linali lomwe lija. Atafika pafunso la kupuma, Bambo anayankha kuti, "Ndikupuma bwino," n'kutembenuka kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana zipi ya chikwama changa. Ndinadziuza kuti mkazi wa mwana satsutsa apongozi ake pamaso pa anthu, kuti ndidzabwera ndekha tsiku lina kudzaonana ndi adokotala. Sindinabwere. Zoona zake n'zakuti nanenso ndinkaopa. Amene anawatola pansi paja pakati pa siponji, maso atatembenuka, ndinali ine, ndipo sindinkafuna kuzionanso.

Panapita miyezi iwiri. M'mawa wina anawerama kuti amange chingwe cha nsapato, ndipo atadzuka milomo inali yotuwa. Anayesa kundiuza kanthu koma mawu ankaduka pakati. Sindinafunsenso chilolezo kwa munthu. Ndinaitana wogulitsa nsapato uja, tinawanyamula mpaka m'galimoto yake.

Tsiku lachitatu adokotala a magalasi aja anandiitana pafupi ndi bedi n'kutionetsa zithunzi za mapapo pakompyuta. Bambo anali ndi chipangizo cha mpweya kumaso.

"Zooneka ngati nkhungu izi ndi kutupa. Kutupa tingathe kukuchepetsa. Koma izi, zooneka ngati ukonde m'munsimu, ndi zipsera. Zipsera sizibwerera. Zinayamba liti?"

Bambo anatseka maso. Ndinawerenga m'mutu kuchokera pa mpando wobiriwira uja.

"Miyezi isanu ndi iwiri."

Adokotala anavula magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa malaya, anawavalanso. Ndikanakonda akanandikalipira, mwina ndikanapeza poyambira kulira.

"Ndiye asiye mankhwala a mtima aja lero lomwe," ndinatero, "achoke m'thupi."

"Tawasiyitsa kale tsiku limene munabwera. Koma mankhwala amenewa sachoka ngati ena. Amakhazikika m'mafuta a m'thupi, m'chiwindi, m'mapapo momwemo. Amatuluka pang'onopang'ono. Miyezi."

"Palibe chowatsukira? Diripi, kapena makina aja otsuka magazi?"

"Palibe, mayi."

"Ndiye kuti miyezi yonseyo azikhala akuwonongabe?"

"Akhoza. Tiwapatsa ena olimbana ndi kutupako, tione."

"Nanga akadzatha m'thupi?"

"Timakomo tija tidzatsegukanso. Mtima ukhoza kuyambiranso zake."

Ndinafunsa kuti ndiye ife tizipempherera chiyani, kuti achoke msanga kapena achedwe. Adokotala anayankha kuti funso limenelo nawonso alibe yankho lake. Anali munthu wachilungamo mayi ameneyo, ndipo tsiku limenelo ndinadana nacho chilungamo chakecho.

Anatuluka patatha mwezi. Masitepe makumi awiri ndi awiri aja anakwezedwa ndi amuna awiri, atakhala pampando wokonza okha, akulangiza onyamulawo kuti asagwire kumiyendo yakutsogolo chifukwa ndi yosalimba. M'chipinda chochezera tinaikamo makina opanga mpweya, olira tsiku lonse ngati firiji yakale, ndi kapaipi kataliko kolowa m'mphuno. Tsiku loyamba lomwelo anakayeza ndi tepi yawo. Kankafika kubafa ndi pawindo, koma kankaperewera mapazi atatu kuti kafike pakhomo lotulukira.

Munthu amene sanakhalepo pansi uja tsopano ankakhala kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sabata yoyamba anandiitana.

"A telala, mpando uwu anakonza ndani?"

"Ndinu, Bambo. Ine ndisanabwere."

"Wakuba ameneyo. Sipuling'i yakumanzere ikubaya. Ndiye anthu akhala akundilipira zaka zonsezi osadandaula?"

Anafuna kuseka, koma kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo chifuwacho chinatenga nthawi kuti chileke. Kuyambira pamenepo ndinkaopa kuwaseketsa.

Mwamuna wanga anatenga tchuthi cha masabata awiri. Ankakhala moyang'anizana ndi bambo ake, onse awiri akuyang'ana makina, ndipo tchuthi chitatha ndinaona kuti wanyamuka mopepukidwa. Alamu anabwera ndi chikwama chodzaza uchi, mafuta opaka pachifuwa ndi malangizo a anzawo akuntchito. Tsiku lachiwiri, tili kukhitchini, anafunsa funso limene anabwerera.

"Koma alamu, miyezi seveni yathunthu, inu munali kuti?"

"Ndinali pomwe pano. Inu munali pafoni, mukuti Mulungu ndi wamkulu."

Sitinalankhulane mpaka tsiku lonyamuka. Ndinawayankha bwino, koma funso lawo linali loona, ndipo linatsala m'khitchinimo iwo atapita.

Shopu ndinkatsegula theka la tsiku. Kusoka ndinkatha, koma kukoka malamba ndi kukhoma sindinaphunzire, chifukwa mwini wake sankalola munthu kugwira hamala yake. Mafelemu amene anali kudikira ndinabweza kwa eni ake mmodzimmodzi. Bambo ankaonera pawindo mipando ikutuluka yosavala, ndipo ndikakwera sankafunsa.

Mankhwala olimbana ndi kutupa anawatupitsa nkhope n'kuwapatsa njala ya mnyamata. Mwezi wachiwiri zinaoneka ngati zikusintha. Anatha kuyenda kuchokera pampando kukafika pawindo osaima panjira, ndipo ine ndinayamba kulota zowatsitsira kushopu. Mwezi wachitatu zinaima pomwepo. Adokotala anayeza, anayerekeza ndi zakale, anati kutupa kwachepa koma zimene zatsala ndi zimenezo. Ndinaphunzira kuphika zakudya zosafuna kutafuna kwambiri, chifukwa kutafuna ndi kupuma zinkalimbirana. Ndinaphunziranso kufunsa mafunso oyankhidwa ndi mawu amodzi.

Mtima unayambiranso mwezi wachisanu. Poyamba unkangodumpha kamodzi n'kukhazikika, Bambo n'kugwira pachifuwa ngati akufufuza kanthu m'thumba la malaya. Kenako unayamba kuthamanga mphindi zingapo, kawiri kapena katatu pasabata. Tinabwerera kwa adokotala. Anati pali njira yolowetsa kawaya mumtsempha n'kukawotcha malo amene akusokoneza, koma munthu amayenera kugona chagada nthawi yaitali, ndipo Bambo sangagone chagada ngakhale mphindi khumi. Anatipatsa mapiritsi ena ongochepetsa liwiro, pamlingo wochepa kuti asawonjezere befu. Ndinafunsa ngati sangabwerere pa akale aja, ngakhale theka. Anapukusa mutu. Anati mapapo amene atsala sangapirire, ndiponso mankhwala aja sagwira tsiku limodzi, amafuna masabata kuti adzaze m'thupi.

Loweruka lina m'mawa ndikusita pafupi ndi khomo la kukhitchini, ndinamva supuni ikugwa. Bambo anali atagwira manja a mpando mwamphamvu, thukuta lili pamphumi, mtsempha wa pakhosi ukuphiriphitha moonekera. Ndinazimitsa simbi, ndinakweza mpweya pamakina monga anatiphunzitsira, ndinagwada pambali pawo ndikuyang'ana wotchi. Adokotala anati zikapitirira mphindi khumi ndi zisanu, kapena akakomoka, tiziitana ambulansi. Zinatha pa mphindi zisanu ndi zinayi. Mpweya utabwerera, analankhula mawu awiriawiri.

"Apongozi. Otsala aja. Munaika kuti?"

"Ndinabweza kuchipatala, Bambo."

"Mukunama. Ali m'chitini. Cha mabatani. Kushopu."

Anali momwemo. Mapiritsi a mlonda aja ndinawabisa tsiku limene tinabwera kuchokera kuchipatala, bokosi limodzi losatsegula, ndipo sindikudziwa chimene ndinkawasungira. Sindikudziwanso kuti anadziwa bwanji, munthu amene sanalowe m'shopu kwa miyezi isanu.

"Kamodzi kokha," anatero.

"Kamodzi sikathandiza, Bambo. Munamva adokotala."

"Ndiye tsiku. Lililonse. Osawauza."

"Akumalizani mapapo."

"Mapapo anapita. Ndisiyireni mtima."

Sanakalipe. Akanakalipa zikanandipepukira. Anagwira dzanja langa, chinthu chimene sanachitepo zaka zonse zimene ndinakhala m'nyumba mwawo, ndipo dzanja lawo linali lozizira.

"Ndikuopa, mwana wanga. Chonde."

Ndinatsika. Ndinatsegula shopu, ndinatenga chitini pashelefu, ndinakhuthula mabatani patebulo lodulira nsalu. Bokosilo linali pansi penipeni. Ndinalitsegula, ndinatulutsa piritsi limodzi, loyera, laling'ono kuposa batani la malaya. Ndinakhala nalo m'manja pampando wa makina anga. Ndikawapatsa, ndiye kuti ndawathandiza kachiwiri kubisa chinthu chowapha. Ndikawamana, Lachiwiri kapena Lachinayi adzagwiranso manja a mpando, ine nditagwada ndi wotchi. Ndinalira mokweza, poti m'shopu munalibe wondimva. Kenako ndinabwezera piritsilo m'bokosi, ndinawoloka msewu, ndinakapereka bokosi lonse kwa mayi wa sitolo ya mankhwala kuti akataye.

Ndinakwera ndi kapu ya madzi. Bambo anayang'ana dzanja langa lamanja, limene linali ndi kapu. Kenako anayang'ana lamanzere. Ndinalitambasula kuti aone kuti mulibe kanthu.

Analandira kapuyo. Madzi ochepawo anawamwa kanayi, akuima pakati kuti akoke mpweya, ndipo anabweza kapu osandiyang'ana.

Anakhala ndi moyo miyezi ina itatu. Ndinkawasambitsa, ndinkawadyetsa, ndinkawasinthira kapaipi, ndipo chilichonse ankalandira n'kuthokoza mwaulemu ngati mlendo. Koma kuyambira Loweruka limenelo sanandipemphenso kanthu, ngakhale madzi.